Nkhope Yanga, Mawu a Mkazi wa Kapitawo

Zolembedwa za msonkhano wapadera wa komiti ya Gulu la Opanga Mafilimu la ku Doko, San Pedro, Los Angeles

Tsiku: Loweruka, 14 Marichi 2026
Malo: Chipinda cholumikizira mafilimu, pamwamba pa shopu ya matayala, Pacific Avenue

Opezekapo:
Mayi Rosalind Okabe, wapampando ndi woyendetsa ntchito ya filimu
Bambo Anselmo Quiroz, mlembi ndi wojambula mawu
Mayi Imelda Sarabia, amene anapanga chiyambi cha filimu
Bambo Nunzio Pallante, amene anapanga kafilimu kotsatsa
Bambo Leland Dorsey, wa kamera

Alendo:
Bambo Tanner Whitlock, oimira kampani yofuna kugula filimu
Mayi Zorka Bilaver, a zaka 87, mmodzi mwa amayi asanu ndi anayi amene ali m'filimuyo

Osapezekapo:
Mayi Odette Faleolo, msungichuma. Anapepesa, ali ku ukwati wa mlongo wawo.

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2 koloko masana, nalandira Bambo Whitlock. Analandiranso Mayi Bilaver, amene sanaitanidwe. Mayiwa anakwera okha masitepe ndi ndodo yawo, anapumula kawiri panjira, ndipo atafika anakhala pa mpando wa wapampando. Panalibe wolimba mtima kuwasuntha, choncho wapampando anayendetsa msonkhano atakhala pa bokosi la zingwe.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga. Bambo Dorsey anapempha kuti achotsemo mawu akuti iwo "anasinza pa mfundo yachitatu", ponena kuti ankaganiza atatseka maso. Mlembi anayankha kuti ntchito yake ndi ya makutu, ndipo nkonono anaumva. Zolembedwazo zinavomerezedwa osasintha kanthu.

3. Pempho la kampani

Wapampando anakumbutsa mamembala kuti filimu ya Gulu, "Maboti Afika", yonena za amayi amene ankatumbula nsomba ndi kuzilongedza m'zitini pa fakitale ya padoko isanatsekedwe, inatha chaka chatha ndipo yakhala ikusowa woigula. Kampani ya Bambo Whitlock ndi yokhayo yomwe yavomera kuionetsa m'nyumba za kanema za m'mizinda ingapo, kenako pa intaneti. Koma yaika mfundo imodzi: chiyambi cha filimu chichotsedwe, ndipo m'malo mwake mulowe kafilimu kotsatsa kamene Bambo Pallante anapanga kuti kakope anthu filimu isanatuluke. Kampani ikufuna yankho lero.

Bambo Whitlock anayamba ndi kunena kuti filimuyi amaikonda kwambiri. Mlembi waona kuti m'ntchito ino mawu amenewa amabwera lumo lili kale m'manja. Kenako anati: "Tisanamizane, anthuni. Munthu wa lero amaonera filimu chala chili pa batani. Mukamupatsa mphindi zinayi za manja a agogo, wapita ameneyo, akukaonera amphaka. Kafilimu ka a Pallante ndi moto. Nanga moto uli nawo, uyambirenji ndi phulusa?"

Mayi Sarabia anapempha kuti mawu akuti "phulusa" alembedwe. Alembedwa.

4. Kuonera zonse ziwiri

Wapampando analamula kuti magetsi azimitsidwe, komiti ione zimene ikukangana.

Chiyambi chinaonetsedwa choyamba. Mulibe nyimbo. Kumamveka wezulo wa fakitale patali, kenako tebulo lopanda kanthu, ndipo amayi aja mmodzimmodzi amaikapo manja n'kuyamba kutumbula nsomba yomwe palibe, ndi mpeni womwe alibe. Manjawo sanaiwale. Dzina la mayi aliyense limatuluka pansi pa manja ake, nkhope osaoneka. Manja a Mayi Bilaver ndi omaliza, ndipo ndi othamanga kuposa onse ngakhale zala zake zinapindika.

Kenako kafilimu kotsatsa. Muli ng'oma, mafunde, maboti, chipata chikutsekedwa ndi unyolo, mayi wina akutukwana, zonse zothamangitsana. Cha kumapeto ng'oma zimaduka, kumalowa kanyimbo kachisoni, nkhope ya Mayi Bilaver imadzaza khoma lonse akupukuta misozi, ndipo mawu a munthu wamkazi amati: "Tsiku limene anatseka fakitale, tinasanduka ana amasiye."

Magetsi atayaka, Bambo Whitlock anawomba m'manja okha.

5. Zokambirana

5.1 Mayi Sarabia anati ziwirizi si zolowa m'malo mwa chinzake. Kafilimu kotsatsa ndi ka munthu amene ali kunja, sanalipire, mwina sabwera n'komwe. Chiyambi ndi cha munthu amene walowa kale, wakhala pansi, ndipo chimamuphunzitsa mayendedwe a m'nyumbamo: kuti muno tiyenda pang'onopang'ono, tiyang'ana manja, timvera anthu awa. Anati woonera amene wayamba ndi ng'oma amadikira ng'oma mpaka kumapeto, ndipo m'filimuyi mulibe. Anatembenukira kwa Bambo Pallante nati: "Iwe Nunzio ntchito yako ndi yoimba mluzu pakhomo. Lero ukufuna kukhalanso pa mpando wa mkwati?"

5.2 Bambo Pallante anayankha kuti: "Mluzu womwewo ndi umene waitana bwana ali apayu, chemwali. Manja ako aja anaitana ndani? Chaka chathunthu ali m'kabati." Anafotokoza kuti akhala akupanga timafilimu totsatsa zaka makumi awiri ndipo sachita nazo manyazi. Amatenga chithunzi cha kumapeto n'kuchiika poyamba, mawu a uyu n'kuwaika pa nkhope ya uyo, zimene zinachitika miyezi yotalikirana n'kuzigundanitsa ngati za tsiku limodzi. Anati aliyense wa ntchitoyi amatero, ndipo woonera amadziwa kuti wotsatsa amakometsa. "Ndi nyambo imeneyo. Nyambo siifunsa kuti inabadwira kuti." Atafunsidwa ngati akugwirizana ndi pempho la kampani, anati voti isanakwane sanena.

5.3 Bambo Dorsey anati iwo akugwirizana nalo. Anajambula filimuyi zaka zinayi osalandira kanthu, ndipo atopa kujambula maukwati a anthu amene amasudzulana zithunzi zisanatuluke. "Amangwetu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tikakana apa tipita kuti? Filimu ya ola ndi theka tiiphe chifukwa cha mphindi zinayi? Imelda, manja akowo tiwaika kumapeto, ndi mayina omwe." Mayi Sarabia anayankha kuti kumapeto anthu amakhala akusaka makiyi a galimoto, ndipo pa intaneti makina amadumphira filimu ina dzina loyamba lisanathe kukwera. Mlembi akuvomereza kuti mfundo ya Bambo Dorsey inamukhudza, chifukwa pa maukwati omwewo iye ndi amene amanyamula maikolofoni.

5.4 Wapampando anati mtima wawo uli ku chiyambi koma mutu wawo uli ku kampani. Anakumbutsa kuti mwa amayi asanu ndi anayi aja, atatu amwalira filimu isanaoneke, ndipo iwo ndi amene amaimba foni kwa ana a malemuwo kukapepesa.

6. Mawu a Mayi Bilaver

Mayi Bilaver anagogoda ndodo pansi. Wapampando anayamba kufotokoza kuti malamulo a Gulu salola mlendo kuyankhula asanapemphe, koma mayiwo anali atayamba kale. Analamula mlembi kuti alembe zonse mmene azinenera. Mlembi wamvera.

"Iwe wa ndevu, ndiwe unadula kafilimu kameneka?"

Bambo Pallante anati ndi iwo.

"Bwezera pomwe ndikulira paja. Imitsa pomwepo. Nkhope ndi ya ndani iyo?"

"Yanu, mayi."

"Mawu?"

Bambo Pallante anakhosomola, nati ndi a malemu Mayi Concetta Lauro.

"Concetta! Mkazi wa kapitawo! Concetta amene ankakhala m'ofesi atapenta zala, ife tili m'matumbo a nsomba mpaka m'zigongono. Iyeyo zoona anasanduka wamasiye, fakitale inali bambo ake ndi mayi ake. Pa maliro ake ndinapita, maluwa ndinagula, sindimusungira kanthu. Koma mawu ake pakamwa panga, ayi. Nanga misozi imeneyo, iwe wa mahedifoni, unalipo. Auze anzako ndinkalira chiyani."

Mlembi anatsimikizira komiti kuti tsiku lojambula analipo. Mayi Bilaver ankasimba za tsiku limene kapitawo Lauro anaterereka akukalipira antchito, n'kugwera m'ngalande ya matumbo a nsomba, n'kuvuuka mutu wa nsomba uli m'thumba la malaya, akadakalipabe. Mayiwa anaseka mpaka mawu anasweka m'makina, ndipo mlembi anachita kuvula mahedifoni. Misozi ya m'kafilimu ndi ya kuseka kumeneko. Bambo Pallante anatenga masekondi awiri a pambuyo pake, pamene pakamwa patsekeka koma maso akadali onyowa.

Mayi Bilaver anapitiriza: "Zaka makumi atatu ine ndikugwira ntchito pamenepo. Wezulo akalira umasiya mwana akuyamwa n'kuthamangira boti lowolotsa. M'basi anthu ankatithawa fungo. Zala izi sizinabadwe chonchi. Tsiku lotseka anatipatsa chitini chimodzichimodzi cha nsomba n'kutigwira chanza. Ine ndinavula chipewa choyera chija n'kuchiponya m'nyanja, ine ndi mnzanga Lupe tinakavina mpaka nsapato kuthina. Ntchito ndinaifuna, sindinama, miyezi yotsatirayo tinavutika. Koma kuwalirira anthu aja? Ine?"

Bambo Dorsey anafunsa chifukwa chake mayiwo sanadandaule kale, poti kafilimuko kakhala pa intaneti kuyambira chaka chatha.

"Ndinakaona pa foni ya mdzukulu wanga. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzandikumbatira, eti pepani Zorka, sitinkadziwa kuti zinakupwetekani chonchi. Ndinangoseka. Ine ndagwira ntchito ya zitini, mwanawe. Pepala la kunja kwa chitini amajambulapo nsomba ikudumpha m'madzi oyera, ikumwetulira. Palibe anabwezapo chitini chifukwa nsomba ya m'kati siikumwetulira. Pepala ndi pepala. Koma tsopano mukufuna kumatula pepalalo muliike m'kati, anthu adye. Filimu ikayamba, anthu amati izi ndiye zoona zake. Ndiye choyamba kuona chikhale Zorka Bilaver akulirira fakitale ndi mawu a Concetta? Adzukulu a adzukulu anga adzandidziwe choncho?"

6.1 Wapampando anapempha Bambo Whitlock kuti kampani ilole kafilimuko kalowe koma chithunzi cha misozi chichotsedwe. Bambo Whitlock anati sizingatheke. Kampani inaonetsa kafilimuko kwa anthu oyesera, ndipo pamene onse anasiya kuyang'ana mafoni awo ndi pa misozi pomwepo. "Kunena mosabisa, chimene tikugula ndi misozi imeneyo. Agogo, ndi masekondi awiri okha. Palibe adzadziwe."

Mayi Bilaver anati: "Agogo ako ali kwanu. Ndipo ine ndikudziwa."

6.2 Bambo Whitlock anakumbutsa kuti mayiwa anasaina chikalata cholola Gulu kugwiritsa ntchito nkhope ndi mawu awo mmene lingafunire. Wapampando anavomereza kuti ndi zoona, ndipo pa lamulo mayiwa sangaletse kanthu. Mayi Bilaver anati akudziwa, n'chifukwa chake abwera okha osati ndi loya.

6.3 Wapampando anadzuka pa bokosi lawo, nakagwada pafupi ndi Mayi Bilaver. Anati sakufuna kuwabisira. Gulu likakana, palibe kampani ina yomwe ikudikira. Mwina padutsa chaka, mwina ziwiri, mwina filimu siidzalowa m'nyumba ya kanema n'komwe. "Mayi, munandiuza nokha za mtima wanu ndi zimene adokotala ananena. Tikavomera, mwezi wa Juni mukhala kutsogolo, dzina lanu lili pa khoma lalikulu. Tikakana, mwina simudzaiona. Ine zimenezo zikundiwawa."

Pansi ankamasula tayala, ndipo phokoso lake linamveka lonse.

Mayi Bilaver anati: "Ndikufuna kuiona, Rosalind. Diresi ndinagula kale, lili m'pepala lake. Usaganize kuti sindikufuna. Koma ndikakhale kutsogolo, anthu onse a padoko ali kumbuyo kwanga, ana a Lupe, ana a Concetta, ndikudzionera ndekha ndikunama? Bola diresilo mudzandiveke m'bokosi. Votani, ine ndilibe voti."

7. Voti

Funso linali lakuti: Gulu livomere kuchotsa chiyambi ndi kuikapo kafilimu kotsatsa?

Bambo Dorsey anavomera. Anati akupepesa kwa mayi, koma filimuyi ndi ya amayi asanu ndi anayi, ndipo asanu enawo nawonso akudikira.

Wapampando anavomera, pa chifukwa chomwecho. Mawu awo sanamveke bwino ndipo mlembi anawapempha kuti abwereze.

Mayi Sarabia anakana.

Mlembi anakana. Kuseka kuja anakujambula yekha, ndipo sangasaine kuti kunali kulira.

Anatsala Bambo Pallante. Asanayankhule, Bambo Whitlock anawakumbutsa mwaulemu kuti kampani ili ndi mafilimu atatu ofuna timafilimu totsatsa chaka chino, ndipo dzina lawo linali pamwamba. Mlembi walemba liwu lakuti "mwaulemu" chifukwa bamboyo ankamwetulira.

Bambo Pallante anaimirira nati: "Ndamva, bwana. Mayi, ine sindipepesa. Kafilimu kaja ndi kabwino, mwina kuposa tonse tomwe ndinapangapo, ndipo Lolemba ndikadzuka ndikapanganso kena chimodzimodzi, nkhope ya uyu mawu a uyo. Ndi ntchito yanga, ana anga aphunzira nayo. Koma ndinakapangira kunja. Ndikanadziwa kuti kadzalowa m'kati, misozi imeneyo sindikanaigwira. Imelda, usandiyang'ane choncho, sindikuchitira iwe, manja ako aja ndi otalika ndi mphindi yathunthu ndipo ndidzanenabe. Ndakana."

Zotsatira: ovomera awiri, okana atatu. Pempho la kampani lakanidwa. Filimu iyamba ndi chiyambi chake.

Bambo Whitlock anatseka kompyuta yawo, nati kampani yachotsa dzanja lake pa filimuyi, ndiponso pa zina zimene anatchula. Anati Gulu lidzawakumbuka. Mayi Sarabia anawatsegulira chitseko n'kuwachenjeza za sitepe yachitatu, yomwe ndi yothyoka. Bambo Dorsey anatuluka nawo, koma anabwerera patapita kanthawi maso ali ofiira, nakhala pamalo pawo.

8. Zina ndi zina

8.1 Mayi Sarabia anapempha kuti kafilimu kotsatsa kachotsedwe pa intaneti mpaka kakonzedwe. Mayi Bilaver anakana. "Kasiyeni. Amayi a kutchalitchi akumandibweretsera makeke Lamulungu lililonse. Zaka zonsezi sanandipatsepo ngakhale bisiketi." Pempholo linabwezedwa.

8.2 Mayi Bilaver anapempha kuti m'buku la Gulu mulembedwe chiganizo chimodzi pachokha, choti wina aliyense wodzagula filimuyi adzachipeze. Bambo Dorsey ndi amene anachirikiza. Onse anavomera. Chiganizocho ndi ichi: Mayi Zorka Bilaver sanalire tsiku limene fakitale inatsekedwa.

8.3 Wapampando anatenga udindo woimbira foni amayi asanu enawo ndi kuwauza kuti za mwezi wa Juni zalephereka. Mayi Bilaver anati awiri mwa iwo awauza okha, chifukwa akawatukwana ndithu, ndipo ndi bwino atukwane mwini wake.

8.4 Bambo Pallante anafunsa ngati pali amene akudziwa munthu wofuna womujambulira ukwati. Bambo Dorsey anati ayambe ndi kunyamula magetsi.

9. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka, 11 Epulo 2026, pamalo pomwepa. Mfundo idzakhala imodzi: kusaka kumene filimu ingaonetsedwe.

Wapampando anauza Mayi Bilaver kuti ulendo uno aitanidwa, ndipo msonkhano ukhoza kutsikira pansi m'shopu kuti asavutike ndi masitepe. Mayiwo anati sabata imeneyo akhala ali kuchipatala, madokotala akufuna kuwatsegula pachifuwa. Palibe mwa ife amene ankadziwa kuti tsiku linaikidwa kale. Wapampando anafunsa ngati komiti isunthe tsiku la msonkhano kuti iwadikire.

Mayi Bilaver anali ataima kale pakhomo, Bambo Pallante atawagwira mkono. Anati: "Musandidikire, ana inu. Ndikadzuka, diresi lilipo. Ndikapanda kudzuka, ionetseni basi, kaya pa khoma la shopu ya matayala. Koma iyambire poyambira pake."

10. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4 koloko madzulo, Mayi Bilaver atafika pansi bwinobwino.

Wasaina: Rosalind Okabe, Wapampando

Wasaina: Anselmo Quiroz, Mlembi